Supuni Yoyamba

"Lawani kaye inuyo," anatero Achemwali, akukankhira mbale ya mpunga ndi nyemba kutsogolo kwa Atelala. "Supuni yoyamba ndi yanu. Mukameza tidikira pang'ono, kenako mlongo wangayu adya."

"Ndilawe chakudya chimene ndaphika ndekha, m'nyumba mwanga momwe?"

"Ngati simunaikemo kanthu, mukuopa chiyani, mlamu?"

Atelala anatembenukira kwa amuna awo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu akuwaphikira bambo amenewa, ndiye ankayembekezera kuti anenapo kanthu, ngakhale liwu limodzi lokha. Koma a Utuchi anangoti zyoli, dzanja lili pamimba, maso ali pa nsalu ya patebulo. Dzina limeneli anawapatsa ndi anzawo a kumacheka, kumene ankacheka matabwa, chifukwa utuchi sunkachoka m'tsitsi mwawo ngakhale asambe kawiri.

"Bambo, mukumva zimene akunena achemwali anuwa?"

"Ingolawani, mayi," anayankha a Utuchi chapansipansi. "Nkhani ithe."

Nkhani ithe! Koma abale inu, amuna ena. Atelala anatenga supuni, anatapa mpunga n'kumeza, misozi ili lengelenge. Achemwali anawayang'anitsitsa pakhosi mpaka chakudya chitatsika, kenako anapinda manja n'kumayang'ana wotchi ya pakhoma. Patapita kanthawi analola kuti mlongo wawo adye. A Utuchi anadya masupuni atatu, yachinayi inaima m'malere. Thukuta linatuluka pamphumi, anakankha mpando n'kuthamangira kuchimbudzi.

"Mwaona?" anatero Achemwali, mawu ali m'mwamba kuti a nyumba yoyandikana nawo amve. "Alipo mankhwala ena amene sagwira woikayo. Amadziwa amene awatumira."

Matendawa anali atatha milungu iwiri. A Utuchi akangokhala patebulo la kwawo, m'mimba munkamangika ngati ameza mwala, kenako n'kutsegula. Koma akawoloka msewu kupita kwa Achemwali, omwe anali aakulu kwa iwo ndipo anawalera makolo atamwalira, ankadya mpaka kunyambita zala. Achemwali ndi amene anayamba kuziona zimenezi, ndipo sanazisunge mumtima. Tsiku limenelo asanatuluke anagamula kuti mlongo wawo azikadyera kwawo, ndipo amalume a m'banjamo abwera Lamlungu lachiwiri kudzamva nkhaniyi.

"Muyambiretu kuona kumene mukaike makina anuwo," anawonjezera ali pakhomo. "Nyumba ino inamangidwa pamalo a bambo athu."

Mbiri yoipa siichedwa kuyenda. Makina osokera a Atelala ankakhala pakhonde, ndipo kale pakhondepo sipankasowa anthu. Tsopano mayi wina anabwera kudzatenga nsalu yake isanadulidwe n'komwe, akuti wasintha maganizo. Wina anafika thukuta lili kamukamu, koma Atelala atamupatsa madzi anayang'ana kapu, n'kunena kuti wangomwa kumene kunyumba. Kumjigo amayi ankasiya nkhani pakati akawaona akubwera. Zinkawawa. Ana awo awiri anali kusukulu yogonera komweko, ndipo Atelala ankangoganiza za tsiku limene anawo adzamve kuti mayi awo akufuna kupha bambo awo.

Komatu nawonso anali ndi chikayiko chawo chimene sanauze munthu. Zaka zonsezi, asanachape zovala za amuna awo, ankayamba akutumula matumba ndi mopinda thalauza, utuchi n'kumathothoka wodzaza dzanja. Masiku amenewa ankakutumula, osagwa kanthu. Bamboyo ankachokabe m'mawa uliwonse atavala malaya a kuntchito ositasita, n'kubwera madzulo malayawo ali mbee. Maganizo oyamba anali akuti kuli mkazi wina. Ananunkhiza kolala, anapisa m'matumba monse, koma anangopeza fumbi la mumsewu ndi kanjere ka chipatso.

"Ntchito ikuyenda bwanji, bambo?" anafunsa tsiku lina akuwapatsira malaya.

"Ikuyenda," anayankha a Utuchi, ndipo pomwepo dzanja linapita pamimba.

Za kuchipatala anakakamiza ndi Atelala. Achemwali anakana kutsala, ndipo ananyamula mpunga wotsala m'kabotolo kuti akaupime. Adokotala anali mayi wa imvi zochepa, magalasi atapachika pachingwe m'khosi. Anadina mimba ya a Utuchi uku ndi uku, anawatumiza kukapimitsa magazi ndi chimbudzi, ndipo zotsatira zitabwera anaziwerenga kawiri.

"Sindikuona chizindikiro cha poizoni," anatero. "Mulibe njoka za m'mimba, mulibenso tizilombo. Kabotolo kanuko, mayi, kachotseni patebulo panga."

"Ndiye munthu akuwonda chonchi popanda chifukwa?" anafunsa Achemwali.

"Chifukwa chilipo, koma mwina sichili m'mbale. Tamverani. Mutu ndi mimba zimalankhulana tsiku lonse. Ubongo umapanga timadzi tina tochepa kwambiri, ife timati mapeputayidi, ndipo ndi timene timanyamula uthenga. Tina timauza mimba kuti chakudya chikubwera, yamba kugaya. Koma munthu akagwidwa ndi mantha kapena nkhawa, ubongo umatulutsa tina timene timati mimba ima kaye, kuno kwavuta. Chakudya chimangokhala pamenepo osatsika, pomwe matumbo a m'munsi amayamba kuthamanga. Simunaonepo mwana akutsegula m'mimba tsiku la mayeso?"

"Asa! Ndiye mukuti mlongo wanga mutu sukuyenda bwino?"

"Sindinatero. Ululuwo ndi weniweni, sakunamizira. Ndikuti mimba yawo ikumvera zimene mutu ukuiuza." Adokotala anavula magalasi n'kuyang'ana wodwalayo. "Bambo, pali chimene chikukusowetsani mtendere? Chimene mumachikumbukira mukakhala patebulo?"

A Utuchi anadzutsa mutu. Sanayang'ane adokotala, sanayang'anenso akazi awo. Anayang'ana Achemwali, kamphindi kochepa chabe, ndipo Achemwali anapukusa mutu pang'ono kwambiri.

"Palibe," anatero a Utuchi.

Atelala anaziona. Njira yonse yobwerera Achemwali ankalalata kuti madokotala a masiku ano amangodziwa za m'mabuku, koma Atelala maganizo awo anali kwina. Ankangoona kapukusidwe ka mutu kaja.

Ukakhala pa makina pakhonde umaona zambiri. Achemwali ankadzitama kuti mlongo wawo akuchira ndi chakudya cha manja awo, koma aliyense ankadziwa kuti mayiyo ndi moto sankagwirizana. Tsiku lililonse dzuwa likamafika pamutu ankatuluka chozemba ndi mbale yovundikira m'chikwama, kulowera kumsewu waukulu kumene mayi wina ankagulitsa zakudya zophikaphika. Mayi ameneyu anthu ankangomutchula kuti Amapoto, ndipo madiresi ake onse anasoka ndi Atelala.

Lachiwiri m'mawa Atelala anaphika mpunga ndi nyemba monga mwa masiku onse, anakulunga mapoto m'nsalu n'kudzera njira ya kuseri.

"Mukufuna ndichite chiyani?" anadabwa Amapoto atamva pempho. "Ndiwapakulire alamu anu chakudya chanu ngati changa? Nanga bamboyo akadwala? Anthu adzati ndinagwirizana nanu. Ine ndimadyera malo ano, mayi."

"Nanunso mukundikayikira?"

Amapoto anavundukula poto, ananunkhiza, anatenga chikombe chawo n'kulawa.

"Mchere wake ndi wabwino kuposa wanga," anatero. "Siyani pompo. Koma zikavuta, ine sindikukudziwani."

Tsiku limenelo Atelala anasoka mkono wa malaya chagada, n'kusolola ulusi kawiri. Maso anali kutsidya kwa msewu. Ankadziwa kuti a Utuchi akangotuluka m'nyumba ija atagwira pamimba, ndiye kuti zawo zatha, ndipo palibe amene adzawamvere. Koma madzulo bamboyo anatuluka akutokosa m'mano, n'kuima pakhomo kumacheza ndi munthu wodutsa. Lachitatu zinali chimodzimodzi. Lachinayi Amapoto anawalandira akuseka mpaka kugwira m'nthiti.

"Alamu anu akuti ndasintha chiyani masiku ano! Akuti mlongo wawo dzulo wapempha kuti amuwonjezere. Akuti ndizipakula zambiri."

Atelala anaseka nawo, koma chimwemwecho sichinafike nawo kunyumba. Ali m'njira chinthu china chinawalasa mumtima. Ngati chakudya chawo bamboyo akudya bwinobwino kwina, ndiye kuti chimene chikuwadwalitsa si mpunga ayi. Ndi nkhope ya amene wakhala kutsidya kwa tebulo. Anaima pakati pa njira mapoto ali pamutu, kenako anawasiya kunyumba n'kuuyamba ulendo wa kumacheka.

Phokoso la kumeneko linali lachilendo, lopyapyala komanso losalekeza. Mlonda wa pageti anawazindikira n'kuvula chipewa.

"Mayi, mwatiyendera! Bambo akupeza bwanji? Apeza pogwira?"

"Pogwira?"

"Eetu, chichokereni kuno sitinawaonenso. Makina atsopanowa atilanda anthu asanu ndi awiri tsiku limodzi. Mwezi ukukwana tsopano. Nsapato zawo ndi kalata anadzatenga ndi achemwali awo aja." Mlondayo anaona nkhope ya Atelala, chipewa chinayamba kuzungulira m'manja. "Kodi... simumadziwa?"

"Ndimadziwa," ananama Atelala. "Ndimangodutsa."

Masiku awiri otsalawo sananene kanthu. Loweruka anasita malaya a kuntchito monga mwa nthawi zonse, anawapereka ndi manja awiri, n'kuima pakhonde kuonerera amuna awo akupita kumene kunalibe ntchito. Ankayembekezera kuti mwina atembenuka. Sanatembenuke.

Lamlungu masana amalume anafika pa njinga, bambo wamtali wosakonda zolankhulalankhula. Anakhala pampando wa pakona, Achemwali ndi mlongo wawo mbali imodzi ya tebulo, Atelala okha mbali inayo. Achemwali analankhula nthawi yaitali. Anafotokoza mmene analerera mlongo wawo, mmene wawondera, mmene amathawira mbale ya m'nyumba muno.

"Ine sindikunamizira munthu, amalume. Mimba siinama. Kwanga amadya, kuno amadwala. Mlungu uno wokha, onani, masaya ayamba kubwerera. Ndi manja angawa! Ndiye tidikire mpaka tinyamule maliro? Mayiyu apakire, apite kwawo."

"Mayi, mwamva," anatero amalume. "Muli ndi mawu?"

Atelala anadzuka n'kutsegula chitseko. Pakhonde panali Amapoto, atavala diresi la kutchalitchi, akupukuta manja ouma kale.

"Auzeni amene anaphika chakudya chimene bambowa adya kwa alamu kuyambira Lachiwiri."

Amapoto anafotokoza zonse, maso ali pansi, mpaka za kuwonjezera zija. Achemwali anadzuka ngati akhalira singano.

"Mwamva, amalume? Mwamva nokha! Kumudyetsa mobisa! Munthu wosalakwa amachita zozemba chonchi?"

"Khala pansi," anatero amalume. "Iwe unati ndi manja ako. Tizisiye zimenezo." Anatembenukira kwa a Utuchi. "Masiku amenewa unadwala?"

"Ayi."

"Ngakhale kamodzi?"

"Ayi, amalume."

"Ndiye poizoni wake ndi wotani amene amagwira ntchito mbali imodzi ya msewu?"

Atelala analowa kuchipinda n'kubwera ndi malaya ndi thalauza za dzulo lake, zosachapa. Anatembenuza matumba onse pamaso pa anthu, anakutumula pamwamba pa nsalu yoyera ya patebulo. Sipanagwe kanthu.

"Bambo," anatero, "adokotala anakufunsani funso, munayang'ana achemwali anu. Lero yang'anani ine. Utuchi uli kuti?"

"Usayankhe zopusazo," anatero Achemwali msangamsanga.

"Ndikhoza kunena ndekha, bambo, chifukwa mapazi angawa afika pageti la kumacheka. Koma ndikufuna zituluke pakamwa panu."

A Utuchi anagwira pamimba ndi manja onse awiri n'kuwerama mpaka mphumi kutsala pang'ono kugunda tebulo. Atalankhula, mawu awo anali ngati a munthu amene wathamanga mtunda wautali.

"Ntchito inatha. Mwezi wathawu. Ndimapita kukakhala kuseri kwa bwalo la mpira mpaka masana, kenako kwa achemwali. Ndinkati ndipeze kaye ina ndiye ndidzanene. Koma m'mawa uliwonse mumandipatsa malaya ositasita, madzulo mumandiikira chakudya chochokera pa makina anu, n'kumandifunsa ngati ndatopa. Ndikangoona mbale, pakhosi pamatseka."

"Ndinamuletsa ndine," analowerera Achemwali, osachita manyazi n'komwe. "Mwamuna akauza mkazi kuti alibe ntchito, ulemu umathera pomwepo. Makamaka mkazi amene ali ndi kake m'manja. Ndimateteza mlongo wanga. Ndipo za mankhwalazo, ndani angatsimikize kuti..."

"Tseka pakamwa," anatero amalume. "Unkadziwa chimene chikumudya mwanayu, n'kupita kumjigo kukanena kuti mlamu wako ndi wakupha. Mawa upitenso komweko ukanene zimene wamva lero. Ndidzafunsa."

Koma Atelala sankamvanso za Achemwali. Anali akuyang'ana amuna awo.

"Za ntchito sindikudandaula, bambo. Ntchito zimatha. Mukanandiuza tsiku lomwelo, ndikanalira nanu, mawa lake n'kupalasa makina. Funso langa ndi limodzi. Tsiku lija anandipatsa supuni, inu munkadziwa kuti m'mbale mulibe kanthu?"

Kunja nkhuku inkapalasa pafupi ndi khonde.

"Ndinkadziwa."

"Ndiye munati ndilawe, nkhani ithe."

"Ndinaona kuti... anthu akamakamba za inu, sakufunsa za ine." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Ndinalakwa, mayi. Ndinachita mantha. Ndikhululukireni."

Atangotero, m'chipinda monse munamveka kulira kwa m'mimba, kwautali, kopanda ulemu. Anali a Utuchi. Iwo eni anadabwa, anachotsa manja pamimba n'kudziyang'ana. Amapoto anabisa kukamwa ndi mpango, ndipo amalume anaseka koyamba chifikireni.

"Imvani, yatseguka! Adokotala aja sananame. Mayi, ngati muli kanthu kukhitchini, mupatseni munthuyu asanatigwere."

Achemwali anatuluka osatsanzika. Amapoto nawo anabwerera ku mapoto awo. Atelala anapita kukhitchini, anatenthetsa chakudya, anapakula mbale zitatu n'kubwera nazo. A Utuchi sanadikire munthu. Anadya ngati amene wachokera kumunda, mbale yonse mpaka kuipala, thukuta la mtundu wina likutsika m'masaya. Amalume ankagwedeza mutu mokhutira, akunena kuti basi, banja labwerera m'malo mwake, zakale zisakumbidwenso.

Atelala anatapa mpunga wawo. Supuni itafika pakamwa, anaona dzanja la amuna awo likutambasukira poto kuti awonjezere, dzanja lomwe lija linali pamimba tsiku limene iwo ankameza misozi pamaso pa alamu awo. Pansi pa chifuwa panamangika chinthu cholimba, cholemera, ndipo fungo la nyemba zimene anaphika okha linawabwerera. Anayesa kumeza mate, osatheka. Anakumbukira mayi wa magalasi uja ndi timadzi take tonyamula uthenga, ndipo anadziwa kuti uthengawo wafika.

Anabweza supuni m'mbale mosapanga phokoso.

"Mayi, simukudya?" anafunsa a Utuchi, kukamwa kuli kodzaza. "Chakoma kwambiri lero."

"Idyani inu, bambo," anatero Atelala. "Ine patebulo pano sichitsika."

Ananyamula mbale yawo n'kutuluka nayo pakhonde. Anakhala pampando wa makina, nsana atalozetsa kuchitseko, mbale ili pamiyendo, mpaka mpunga unazizira.